Mwana wochenjera amene kuwerenga kukumukanika: poyambira kholo

Pali mwana amene ukamutuma kugolosale amabwera ndi chenji chokwanira. Nthano ukamuuza lero, mawa akukambira yonse mpaka nyimbo yake, ndipo galimoto ya mawaya amapanga yokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino. Koma mwana yemweyo ukamuyikira buku la Chichewa la Sitandade 2 patsogolo, thukuta limayamba. Amaloza lembo limodzilimodzi ndi chala, akafika kumapeto kwa mawu wayiwala kale poyambira, kenaka amangolota: pamene palembedwa "mphika" iye akuti "mphaka". Kunyumba timati ndi ulesi. Kusukulu amati samvetsera. Anzake anamupatsa kale dzina, ndipo iye akulidziwa.

Ena mwa ana otere ali ndi vuto lotchedwa dyslexia. Si matenda ogwira munthu ngati malungo, si misala, komanso si kuchepa nzeru. Ubongo wa mwanayo umavutika kuphwanya mawu olankhulidwa kuti akhale maliwu ake ang'onoang'ono, ndiponso umachedwa kulumikiza liwu lililonse ndi lembo lake. Vutoli linadziwika kalekale. Mu 1896 dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 wochangamuka pa masewera ndi pocheza, amene mphunzitsi wake ankati akanaposa anzake onse pasukulupo maphunziro akanakhala a pakamwa pokha. Kawirikawiri ndi chakumtundu: mukafufuza mupeza bambo, malume kapena agogo amene anathawa sukulu chifukwa cha malembo pamene pa malonda kapena ntchito zamanja analibe wofanana naye. Akatswiri ambiri amati mwa ana 100 alionse, pakati pa 5 ndi 10 ali nalo. Kuno kwathu, kumene mphunzitsi mmodzi amatha kuyima kutsogolo kwa ana 100, ndiye kuti pafupifupi kalasi iliyonse ili nawo angapo.

Makolo ambiri akamva dzinali amayamba kusakasaka munthu woti amuyeze mwana ndi kulemba chikalata. Chikalatacho n'chothandiza, ndipo ndifotokoza kopita. Koma akatswiri oyeza ndi ochepa m'dziko muno, ndipo mukati mudikire chikalata musanachite kanthu, mwana afika Sitandade 5 asakuwerenga. Thandizo lenileni, lomwe ndi kuphunzitsa maliwu ndi maphatikizo mwadongosolo, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, silifuna chilolezo cha dokotala. Liyambe sabata ino, kuyezako kuzibwera m'mbuyo.

Kusiyanitsa kaye

Si mwana aliyense wosawerenga amene ali ndi dyslexia, ndipo pano tiyenera kunena zoona. Kafukufuku wa MICS amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 mothandizidwa ndi UNICEF anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi mmodzi yekha mwa asanu ndi amene ankatha kuwerenga kankhani kafupi ndi kukamvetsa. Ochuluka mwa otsalawo ubongo wawo ulibe vuto lililonse. Anangosowa mpata: kalasi yodzaza, buku limodzi ana asanu, kujomba nthawi ya dzinja, njala, kusamukasamuka, kapena kuyamba sukulu m'chilankhulo chimene kunyumba salankhula, monga mwana wa Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena amene Chichewa wakumana nacho koyamba pa bolodi. Choncho funso loyamba si loti "kodi akuwerenga?" ayi. Funso n'loti: mwanayu wapita kusukulu mokhulupirika, waphunzitsidwa monga anzake, nanga n'chifukwa chiyani anzake okhala naye mphasa imodzi amusiya kutali chonchi?

Zina zimene makolo amadandaula nazo si zizindikiro konse. Kutembenuza b ndi d kumachitika kwa ana ambiri mpaka zaka 7 kapena kupitirirako pang'ono. Kusokoneza l ndi r n'kwa ife tonse olankhula Chichewa, ngakhale akuluakulu a m'maofesi. Kuyiwala kachizindikiro ka mu "ng'ombe" si nkhani. Chodetsa nkhawa ndi mwana amene watha chaka chathunthu kapena ziwiri akuphunzira koma maliwu a malembo sakumukhala m'mutu, lero wadziwa mawa zafufutika. Amene amawerenga mododoma kwambiri ngakhale mawu amene wawaona kambirimbiri. Amene pa lembetso amadumpha malembo, nalemba "pala" m'malo mwa "phala", "kola" m'malo mwa "khola", kapena mawu amodzi kuwalemba mitundu itatu patsamba limodzi. Amene akakopera za pa bolodi amatsala yekha anzake atatuluka. Amene masiku a sabata ndi miyezi amasokoneza ndondomeko yake. Koma mukamuwerengera nkhani inu, mafunso onse amayankha. Kusiyana kumeneku, pakati pa zimene amamva ndi khutu ndi zimene amatola papepala, ndiko muziyang'anitsitsa.

Chichewa chili ndi khalidwe lake pankhaniyi. Chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira, ndiye mwana wa dyslexia akhoza kumawerenga molondola ndithu koma mochedwa zedi, ngati akusenza katundu pamtunda, mpaka tanthauzo la chiganizo kumuthawa asanafike kumapeto. Popeza sakulakwitsa mawu, aphunzitsi sangamuone msanga. Komanso ana athu amawerenga mokuwa onse pamodzi, ndipo mwana wamutu wogwira amaloweza tsamba lonse n'kumayenda ndi gulu pakamwa. Ena amabisala motero mpaka Sitandade 4. Amadzaonekera poyera mu Sitandade 5, maphunziro onse, kupatula phunziro la Chichewa, akatembenukira ku Chingerezi, chilankhulo chimene kalembedwe kake kamasiyana ndi katchulidwe: mawu ngati "knife" ndi "enough" sangawatole pophatikiza malembo basi.

Mungathe kudziyesera nokha kunyumba, madzulo ena mwana atadya, osati atangolandira kumene lipoti loipa. Yambani popanda pepala. Muuzeni aombe m'manja pa phatikizo lililonse: nyu-mba kawiri, chi-ma-nga katatu, ga-li-mo-to kanayi. Mufunseni kuti pa "chimanga" tikachotsa "chi" patsala chiyani, nanga pa "mbalame" tikachotsa "me". Atchule mawu atatu oyamba ndi liwu lofanana ndi la "mango". Kenaka tengani buku lake, phimbani chithunzi ndi dzanja, muziloza mawu modumphadumpha, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Pomaliza lembani mawu opeka, opanda tanthauzo, monga "bemo", "sutu", "ndelo", "nkhepa". Amenewa sangawaloweze kwina kulikonse, ndiye amaonetsa ngati akuthadi kuphatikiza malembo. Zimene mwaona zilembeni m'kope lapadera pamodzi ndi tsiku lake. Ngati muli ndi foni, mujambuleni mawu akuwerenga kwa mphindi imodzi. Kope limeneli ndi limene muziyenda nalo paliponse kuyambira lero.

Maso ndi makutu

Musanapite patali, kayezetseni maso ndi makutu. Mwana amene sakuona bolodi, kapena amene khutu lake lakhala likutuluka mafinya kuyambira ali wamng'ono, amaoneka chimodzimodzi ndi wa dyslexia, pamene thandizo lake ndi magalasi kapena mankhwala. Yambirani kuchipatala chapafupi, mupemphe kuti akutumizeni kwa a maso pachipatala cha boma lanu. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi mbali ya maso ya Lions komanso kiliniki yoyeza makutu. Ku Lilongwe kuli Kamuzu Central, kiliniki ya makutu ya ku African Bible College, ndi chipatala cha Nkhoma chimene chimadziwika ndi za maso. Tengani buku la kuchipatala la mwanayo ndipo muwauze adokotala zonse: ngati anabadwa masiku asanakwane, ngati anachedwa kulankhula, ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, ngati nthawi zina amangoti duu kwa kanthawi osayankha. Malungo ogwira ubongo ndi khunyu zimatha kusiya vuto la kuphunzira limene limafuna chisamaliro china. Chimodzimodzi mwana amene akuchedwa pa zonse, kuvala, kulankhula, kusewera ndi anzake, amafunika thandizo lokulirapo kuposa la kuwerenga kokha.

Zotsatira zake, ngakhale zitakhala zoti maso ndi makutu zili bwino, zilembedwe m'bukumo. Kusukulu mukadzafunsidwa, mudzangotsegula.

Kukaonana ndi aphunzitsi

Apa ndi pamene zinthu zimakonzeka kapena kuonongeka. Musapite m'mawa pa nthawi ya asembule, aphunzitsi ali ndi ana odzaza bwalo. Tumizani uthenga kapena pitani mukapemphe tsiku loti mucheze ana akaweruka. Ndipo musapite ngati wokazenga mlandu. Mphunzitsi wa ana ochuluka chotere mwina sanakhalepo ndi mphindi zisanu za mwana wanu yekha, ndipo akaona kuti mwabwera kudzamuloza chala adzitchinjiriza, wovutika n'kukhala mwana yemweyo. Mawu oyamba akhale ofewa: "Aphunzitsi, ndabwera kudzapempha nzeru. Mwana wanuyu kunyumba ndikumuona kuti kuwerenga kukumuvuta kuposa msinkhu wake, pamene zina amagwira msanga. Inu mukumuona bwanji m'kalasimo?" Mukatero khalani chete, mumve. Kenaka tsegulani kope lija, onetsani makope ake a lembetso, amvetsereni zimene munajambula pafoni.

Pali mafunso amene musachoke musanafunse. Poyerekeza ndi anzake amene amabwera tsiku lililonse ngati iye, ali pati? Maliwu a malembo akuwadziwa angati, ndipo akumukanika ndi ati? Kodi pasukulu pano, kapena pa zoni ino, alipo mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera? Kuyambira 2016 sukulu za boma zakhala zikutsata ndondomeko ya National Reading Programme, imene imaphunzitsa kuwerenga poyambira pa maliwu, malembo ndi maphatikizo, choncho aphunzitsi a makalasi aang'ono mafunso amenewa si achilendo kwa iwo. Apempheni amuyitane mwanayo payekha tsiku lina, amuwerengetse malembo ndi maphatikizo, akuuzeni pamene wayima.

Yankho limene mungalandire kawirikawiri n'loti "adzadziwa akakula, ana amasiyana". Ana amasiyanadi, ndipo kwa mwana wa teremu yoyamba ya Sitandade 1 yankholi n'loona. Koma kwa mwana amene akumaliza Sitandade 2 asakuphatikiza "ba" ndi "mbo", ine sindingalivomere. M'mera mpoyamba. Dyslexia sichoka ndi kukula. Chimene chimakula ndi mpata wa pakati pa iye ndi anzake, pamodzi ndi manyazi. Yankhani mwaulemu kuti, "Ndamva aphunzitsi, komabe tiyeni tiyesepo kanthu teremu ino, tione."

Zopempha zanu zikhale zing'onozing'ono, zotheka m'kalasi yodzaza, zosafuna ndalama. Mwana akhale kutsogolo, pafupi ndi bolodi. Asamadzidzimutsidwe kuti ayime awerenge pamaso pa anzake. Ngati n'koyenera kuti awerenge, auzidwe ndime yake dzulo lake kuti akakonzekere kunyumba. Pa lembetso apatsidwe mawu asanu m'malo mwa khumi. Pa maphunziro ngati a sayansi ndi za chikhalidwe, nthawi zina afunsidwe pakamwa, kuti zimene akudziwa zioneke, ndipo asachotseredwe malikisi chifukwa cha kalembedwe ka mawu pamene yankho lili lolondola. Akhale ndi mnzake wodekha womubwereka kope kuti amalize kukopera. Ndipo chachikulu pa zonse: asamenyedwe, asagwaditsidwe, asatchedwe mbuli chifukwa cholephera kuwerenga. Chikwapu sichinaphunzitsepo mwana liwu la lembo. Chimene chimachita n'kumuphunzitsa kudwala m'mimba m'mawa uliwonse wa Lolemba.

Musanatsanzike, gwirizanani tsiku lodzakumananso, patatha masabata asanu ndi limodzi kapena kumapeto kwa teremu, ndipo zimene mwagwirizana muzilembe m'kope pamaso pawo. Ngati inu simutha kulemba, pitani ndi wachibale kapena mmodzi wa amayi a mother group ya pasukulupo. Kusadziwa kulemba sikukuchotserani ufulu wofunsa za mwana wanu, ndipo mwina inu ndi amene mukumvetsa bwino kuposa aliyense zimene mwanayo akumva.

Kupempha kuti ayezedwe

Teremu ikatha mwana akulandira thandizo koma osasuntha, kapena kusuntha pang'ono zedi, umenewo ndi umboni wamphamvu kuposa china chilichonse, ndipo ndi nthawi yokwera kwa ahedi. Pitani ndi mphunzitsi wa kalasi ngati angalole, kuti zisaoneke ngati mukukamunenera. Pempho lanu lilembedwe m'kalata yaifupi: dzina la mwana ndi kalasi yake, zimene mwaona, zoti maso ndi makutu anayezedwa, zimene zayesedwa m'kalasi ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ndi chiganizo chimodzi chomveka bwino chopempha kuti mwanayo aonedwe ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera. Lembani makalata awiri ofanana, ina ahedi asayine ndi kudinda, mubwerere nayo. Pempho la pakamwa limayiwalika. Mphunzitsi akasamutsidwa mumayambiranso pachiyambi.

Aphunzitsi apaderawa alipo. Ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, imene imasula aphunzitsi a ana osaona, a ana osamva, ndi a ana ovutika kuphunzira. Amene mukufuna inu ndi a gulu lachitatuli. Ena amakhala pa sukulu zimene zili ndi chipinda chapadera chotchedwa resource centre, ena amayendera sukulu zingapo. Ndi ochepa poyerekeza ndi ana owafuna, n'chifukwa chake muyenera kulondola. Ahedi akapanda kudziwa kumene ali, pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, mukaonane ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za m'zoniyo. Kumeneko kukakanika, ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, kumene ambiri timangoti kwa DEM, kumakhala woyang'anira maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera. Simukupempha chifundo. Kuyambira pa lamulo la anthu aulumali la 2012, malamulo a dziko lino amaletsa kusala mwana pa maphunziro, ndipo mu 2017 Unduna wa Maphunziro unakhazikitsa ndondomeko yoti ana onse aziphunzira limodzi, aliyense akulandira thandizo lomuyenera. Bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM nalonso lingakuthandizeni kudziwa khomo logogoda.

Kuyeza kwabwino sikuopsa, palibe jakisoni kapena makina. Woyeza amacheza ndi inu za mbiri ya mwana ndi ya kubanja, amaona makope, kenaka amakhala ndi mwanayo: kumva ndi kuphwanya maliwu, kutchula msangamsanga malembo, manambala kapena zithunzi, kuwerenga mawu enieni ndi opeka, lembetso, kubwereza manambala amene wangomva, ndi kumvetsa nkhani yowerengeredwa poyerekeza ndi yodziwerengera. Pamapeto pemphani lipoti lolembedwa, lonena zimene mwana akutha, zimene zikumukanika, ndi zoti aphunzitsi achite m'kalasi. Lipoti longotchula dzina la vuto popanda chochita silikuthandizani.

M'mizinda muli akatswiri olipiritsa, ndipo makolo a ana a sukulu zapulayiveti ndi amene amatumizidwako kawirikawiri. Musanatulutse ndalama, funsani kuti anaphunzira chiyani, ayeza m'chilankhulo chanji, ndipo mudzalandira chiyani m'manja. Funso la chilankhuloli n'lofunika kwambiri. Zoyezera zambiri zinapangidwira ana a ku Britain ndi ku America amene Chingerezi anayamwira. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene Chingerezi amachimva kusukulu kokha akhoza kulephera mayeso oterowo popanda dyslexia iliyonse. Woyeza wodziwa ntchito amaonanso mmene mwana akuchitira m'chilankhulo cha kunyumba, popeza vutoli likakhalapo limaoneka m'zilankhulo zonse ziwiri. Sukulu yapulayiveti ikayamba kukuuzani kuti "mwanayu sitingamuthe" kuti isaononge mbiri yake ya mayeso, afunseni alembe zimene ayesa. Nthawi zambiri pepalalo limakhala lopanda kanthu, ndipo kukambirana kumayambira pamenepo.

Kwa abale amene ana awo akuphunzira kunja: ku South Africa sukulu za boma zimatsata ndondomeko ya SIAS ya 2014, ndipo pempho lanu limayambira ku School-Based Support Team ya pasukulupo; ku England funsani mphunzitsi wotchedwa SENCO, amene ayenera kukonza thandizo ngakhale mwana asanayezedwe.

Nkhani ya kubwereza kalasi idzabwera ndithu. Maganizo anga ndi awa: kubwereza pakokha si mankhwala. Mwana akamvanso phunziro lomwelo, mwa njira yomweyo, pa liwiro lomwelo, chaka chimatha ali pomwepo, kungoti tsopano ndi wamtali kuposa anzake onse ndipo akusekedwa. Kumukweza popanda thandizo nakonso n'kumutaya. Choncho ahedi akanena zobwereza, funso lanu likhale limodzi: "Chaka chimenecho chidzasiyana chiyani ndi chathachi?" Pakakhala yankho lomveka, monga mphunzitsi wapadera kawiri pa sabata, kubwereza mu Sitandade 1 kapena 2 kungathandize. Pakapanda yankho, ganizani kawiri.

Ntchito ya kunyumba

Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka. Sankhani nthawi imodzi, kukadali kowala, mwana asanatope. Yambani ndi masewera a pakamwa aja, kuomba m'manja ndi kuchotsa maphatikizo, amene ngakhale agogo osadziwa kulemba angathe kuchita naye akusenda mtedza. Kenaka malembo: a, e, i, o, u choyamba, mpaka akhazikike. Mukatero lembo limodzi latsopano, ndi maphatikizo ake, ma me mi mo mu, osaonjeza lina mpaka ili litagwira. Aphunzitsi akuuzeni ndondomeko imene akutsata m'kalasi kuti musamakoke mwana uku ndi uku. Maphatikizo a malembo ambiri, monga mba, nkha, mpha, ntha, ng'a ndi tsa, abwere pambuyo, limodzilimodzi, chifukwa ndi pamene ana ambiri otere amagwera.

Mwana wa dyslexia amagwira bwino akamaona, kumva, kutchula ndi kukhudza nthawi imodzi. Alembe lembo lalikulu pamchenga ndi chala uku akutchula liwu lake. Aumbe malembo ndi dongo. Dulani katoni kapena tolani zitsekerero za mabotolo, lembani phatikizo limodzi pa chilichonse, azisuntha yekha: "ma" ndi "la" apange "mala", atembenuze, aikepo "ta" aone chimene chatuluka. Tsiku lililonse muyambe ndi kubwereza za dzulo ndi za sabata yatha, ndipo musadabwe zikafufutika; kwa iye chinthu chimafuna kubwerezedwa kambiri kuposa kwa m'bale wake, ndipo si mwano. Akalakwitsa musanene kuti "ndakuuza kangati". Lozani phatikizolo, litchuleni, atchule, mupitirize. Malizani ndi chimene akuchitha, adzuke pamphasapo atapambana.

China chimene makolo amasiya msanga ndi kumuwerengera. Mwana amene sakuwerenga yekha amatsalira pa mawu atsopano ndi pa nzeru za m'mabuku, osati chifukwa choti sangazimvetse, koma chifukwa khomo lake latsekeka. Inu kapena mkulu wake muzimuwerengera notsi za kusukulu, nkhani za m'nyuzipepala, Baibulo kapena buku lililonse limene lili m'nyumba, kenaka mukambirane. Notsi za mayeso mungazijambule mawu pafoni kuti azimvetsera. Kumeneko si kubera. Ndi njira yoti sayansi ndi mbiri zisamudikire mpaka kuwerenga kudzakhazikike.

Mukafuna kumulembera wa patitaimu, funsani kaye mmene aziphunzitsira. Patitaimu ya ana makumi atatu okopera za pa bolodi ndi kalasi yomweyo yam'mawa, kungoti yolipira. Amene mukufuna ndi woti akhale ndi mwana mmodzi kapena atatu, ayambire pa maliwu ngakhale mwanayo ali Sitandade 6, ndipo azikuonetsani mwezi uliwonse maphatikizo amene agwira. Chenjeraninso ndi ogulitsa machiritso. Palibe mapiritsi, mankhwala azitsamba kapena zakumwa zochotsa dyslexia, ndipo magalasi amitundu amene ena amatsatsa alibe umboni wokwanira woti amathandiza kuwerenga. Achibale ena adzanena kuti mwanayu anamutseka mutu ndi anthu oipa. Amanena chifukwa chomukonda ndi kusowa yankho, koma mwana akamva zimenezi amayamba kudziopa yekha, ndiponso banja limadana ndi anthu osalakwa. Pempherani naye ngati ndinu opemphera, kenaka mutenge zitsekerero zija muyambe ntchito.

Mwanayo muuzeni zoona, m'mawu a msinkhu wake. Iye anazindikira kale kuti pali chosiyana, ndipo mukakhala chete amadzipezera yekha yankho, loti ndi chitsiru. Mungathe kunena kuti, "Mwanangu, mutu wako uli bwinobwino, ndipo nzeru uli nazo. Kungoti malembo amakuvuta kuposa anzako, ndiye ife tiziwaphunzira mwa njira yathu, pang'onopang'ono. Si iwe wekha, ndipo sunalakwe kanthu." Abale ake aletsedwe kumuseka, ndipo lipoti lake lisamawerengedwe pagulu poyerekeza ndi la mng'ono wake. Chimene amachitha, kaya ndi mpira, kwaya, kujambula, kukonza njinga kapena masamu a pamtima, chipatseni malo ndi nthawi, ndipo musamulande ngati chilango cha kulephera lembetso. Mwana amene tsiku lonse wakhala wotsiriza amafunika ola limodzi loti akhale woyamba. Mukaona kuti wayamba kudzipatula, kulira m'mawa, kuthawa sukulu kapena kulankhula zodzida, musazitenge mopepuka. Kauzeni aphunzitsi ndi achipatala.

Mayeso a boma

Mayeso a PSLCE a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, ndipo nthawi yake ndi yowerengeka, zinthu ziwiri zimene zimamupweteka mwana wowerenga mochedwa. Bungwe la MANEB limakonza thandizo kwa olemba mayeso amene ali ndi zosowa zapadera, monga mapepala a malembo akuluakulu, a braille, ndi nthawi yoonjezera, koma zimenezi zimadutsira kusukulu pa nthawi yolembetsa mayina, miyezi ingapo mayeso asanafike. Apa ndiye pamene lipoti la woyeza lija limagwira ntchito yake yaikulu. Nkhaniyi iyambeni ndi ahedi mwana ali Sitandade 7: afunse ku MANEB zimene mwana wovutika kuwerenga angaloledwe ndi umboni umene ukufunika, ndipo inu muonetsetse kuti dzina lake lalembedwa m'gulu loyenera. Pemphaninso kuti pa mayeso a pasukulu ndi a moko azipatsidwa kale nthawi yoonjezerayo, kuti adziwe kuigwiritsa ntchito.

Makalata onse, malipoti, buku la kuchipatala ndi kope lanu lija zisungeni m'pulasitiki imodzi, kutali ndi chinyezi ndi chiswe. Mwana akasintha kalasi, pitani nazo kwa mphunzitsi watsopano m'sabata yoyamba ya teremu, musadikire kuti adzazindikire yekha mu Disembala. Akasankhidwa kupita ku sekondale muchitenso chimodzimodzi kwa ahedi a kumeneko ndi kwa mphunzitsi wa Fomu 1, popeza kumeneko aphunzitsi ndi ambiri, notsi n'zochuluka, ndipo zolembetsa za JCE ndi MSCE zidzafuna umboni womwewo.